Mkonono wa Bwana Kachingwe

Lamulo litatuluka loti mawailesi aziimba nyimbo zakwathu, Bwana Kachingwe, woyendera mawailesi, anatulukira pa kawailesi ka Mayi Nankhoma atanyamula loko.

Mayi Nankhoma anaika nyimbo ya kwaya.

"Kiyibodiyo ndi yakunja!" anakalipa bwanayo.

Mayiwo anaika ya ng'oma zokhazokha.

"Chikopa cha ng'omayo n'cha ng'ombe ya ku Mozambique, ndikuchimva. Ikakwana folo koloko ndisanamve nyimbo yakwathu yeniyeni, ndikhoma chitseko ichi."

"Zikomo bwana. Takhalani pampandopa, muyambe mwalawa kathobwa."

Atamwa makapu atatu ndi mbatata yootcha, bwana anapendeketsa mutu nayamba kuliza mkonono. Mayi Nankhoma anakokera maikolofoni pamphuno pawo.

"Omvera athu, nayi nyimbo yatsopano. Woimba ndi Bwana Kachingwe."

Boma lonse linamvera kwa maola awiri. Wina anaimba foni kupempha kuti abwereze paja pakulira ngati chigayo.

Bwana anadzidzimuka foni yawo ikulira m'thumba. Anali mkulu wawo wa kulikulu.

"Iwe Kachingwe, chikumveka pawailesipo n'chiyani? Ukugona pantchito?"

Mayi Nankhoma ananong'ona, "Ndiwauze ndine, bwana? Kapena munena nokha?"

Kachingwe anapukuta dovu pachibwano.

"Ndi nyimbo, bwana. Yakwathu yeniyeni, yopanda chida chakunja ngakhale chimodzi."

"Chabwino! Izimveka tsiku lililonse masana," anatero mkuluyo. "Ndipo woimbayo asadzayerekeze kujomba."