Ulusi Woyera pa Mkono wa Linesi

Ana inu, mwambi wa maso a nkhono mumaumva kusukulu, ndipo akuluakulu adzakuuzani kuti ndi wamakedzana. Sindikuwatsutsa. Koma kubanja kwathu timati unabadwira ku Thailand, pakhonde la nyumba ya matabwa, ndipo amene anabwera nawo ndi mng'ono wanga Linesi.

Linesi anali wamantha chibadwire, woti ali mwana ankathawa ngakhale bilimankhwe. Ndiye atapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi pasukulu ina yakumudzi ku Thailand, tonse tinagwira pakamwa. Achibale m'malo momulimbitsa mtima anamulongedzera mantha. Wina anati kunja anthu amalandidwa mapasipoti n'kugulitsidwa, wina anati asamadye za eni chifukwa mankhwala amalowera pakamwa.

Sukulu inamupezera chipinda kwa mayi wina wokalamba dzina lake Bunmi, amene nyumba yake inali pakati pa minda ya mpunga. Mayiwo sankadziwa Chingerezi, Linesi nayenso chilankhulo chawo sankachimva. Tsiku loyamba lomwelo anaona kanyumba kakang'ono pamwamba pa chipilala, pakona pa bwalo, patsogolo pake pali maluwa ndi botolo la zinthu zofiira. Chinali chakumwa wamba cha m'golosale, chimene eni dziko amapereka kwa mizimu ya pamalo, koma maso a Linesi anaona magazi. Pasanapite nthawi a kusukulu anatenga pasipoti yake kuti akamukonzere chilolezo cha ntchito. Apo mng'ono wanga anatsimikiza kuti kwawo sadzakuonanso.

M'mawa uliwonse mayi Bunmi ankasiya pakhomo pake kadengu ka mpunga ndi nsomba yootcha. Linesi ankatenga chakudyacho n'kukapatsa galu kuseri kwa nyumba, kuti aone ngati afe. Galuyo sanafe. Ananenepa mpaka kuchita ulesi kuuwa, pamene Linesi ankatha ngati sopo, akukhalira tiyi ndi mabisiketi. Akaweruka kusukulu ankalowa m'chipinda n'kukhoma chitseko.

Mvula itayamba, udzudzu unachuluka, ndipo Linesi anagwidwa ndi malungo a kumeneko, aja opweteka mafupa. Sanauze munthu. Mayi Bunmi ataona kuti kadengu kakungokhala pakhomo osakhudzidwa, anaitana anansi, ndipo anazula chitseko. Linesi ankatiuza kuti ataona amuna achilendo akumunyamula n'kumuika m'galimoto yonyamulira mpunga, anayesa kukuwa koma mawu sanatuluke. Anadzidzimukira m'chipatala, mayi Bunmi atakhala pambali pa bedi akumukupiza. Koma mantha ndi oipa, ana inu. Mumtima anangoti munthu akagula mbuzi amaiyang'anira kuti isamufere.

Atatuluka m'chipatala, miyendo ikadali yofooka, m'mawa wina anamva anthu akusonkhana pabwalo. Amayi awiri analowa, anamugwira m'khwapa n'kukamukhazika pamphasa pakati pa khamu. Patsogolo pake panali mbale yaikulu, pamenepo masamba a nthochi atapindidwa ngati nsanja, maluwa, kandulo, dzira lowiritsa ndi timaulusi toyera tambirimbiri. Bambo wina wachikulire wovala zoyera anayamba kulakatula ndi mawu okoka, ndipo pakatipakati pa mawu achilendowo Linesi ankamva dzina lake. Khamu lonse linkavomera.

Linesi anaganiza zothawa. Anayang'ana kuchipata, koma kunali anthu. Anatseka maso n'kuyamba Atate wathu wakumwamba, koma analekezera panjira. Bambo uja anamugwira dzanja, anamuika dzira m'chikhatho, kenako Linesi anamva ulusi ukuzungulira mkono wake. Anati basi, andimanga.

Anadikira mpeni, mpeni sunabwere. M'malo mwake kunabwera dzanja lina ndi ulusi wina, kenako linanso. Dzanja lina linali lokhakhala, ndipo linachedwa pomanga. Pamkono pake panadontha madzi ofunda. Atatsegula maso anaona mayi Bunmi atagwada patsogolo pake, misozi ili chuchuchu.

Mphunzitsi mnzake, mayi Wanida, amene ankadziwa Chingerezi, anafika pomaliza ndi ulusi wake. Linesi anamugwira malaya n'kufunsa monong'ona kuti amupha liti. Mayi Wanida anayankha modekha.

"Mchemwali, palibe akupha. Kuno timati munthu akachita mantha kwambiri, kapena akadwala kutali ndi kwawo, mzimu wake umamuthawa n'kusochera. Ndiye timauitana, ukabwera timaumanga ndi ulusi kuti usachokenso. Mayiwa akuti wako unatsalira panjira tsiku limene unabwera."

Linesi anafunsa ngati mayi Bunmi ankadziwa za galu uja.

"Ankakuona. Anangowonjezera mpunga, poganiza kuti mwina tsiku lina udzalawako."

Mng'ono wanga analira ndi manyazi, ndipo dzira lija analidya pomwepo, anthu akuseka n'kumusisita pamsana. Pasipoti yake inabwera ndi chilolezo m'kati, monga momwe a kusukulu ananenera.

Masiku akuchira ankakhala pakhonde ndi mayi Bunmi, amene ankatola nkhono m'minda ya mpunga zoti aphike. Tsiku lina mayiwo anatenga nkhono imodzi n'kuiika pathabwa. Linesi ataikhudza, inabwerera m'chigoba. Mayiwo anamugwira dzanja kuti aisiye. Onse awiri anadikira nthawi yaitali, mpaka nkhono ija inatulutsa mutu pang'onopang'ono, timaso take tikusuzumira. Mayi Bunmi analoza nkhonoyo, kenako analoza Linesi, n'kuseka ndi mano awo otsalawo.

Ndi pamene Linesi ananena m'Chichewa, ngakhale panalibe womumva, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambiwu ukutanthauza kuti zenizeni za munthu kapena za chinthu sizioneka ndi phuma. Ukaithamangira nkhono uona chigoba chokha, ndipo wamantha amathamangira kuweruza kuposa wina aliyense. Linesi akanadekha akanaona msanga kuti anagwera m'manja mwa anthu abwino. Koma iye amati wodekha weniweni anali mayi uja, amene anaphikira galu miyezi yonse ija, osakwiya, akudikira mwana wa eni kuti atuluke m'chigoba.

Mayi Bunmi anamwalira Linesi atabwerera kuno kumudzi. Ulusi uja, ngakhale unada, Linesi akuusungabe, ndipo akamatchula mayiwo sanena kuti eni nyumba. Amati amayi anga a ku Thailand.