Chiwanda cha m'minibasi ya Che Jafali

Swala ya masana itangotha, Che Jafali anafika pa mzikiti wa ku Ntaja akukankha minibasi yawo. Anali atatopa moti ngakhale ndevu zawo zinkafuna pokhala. Anapeza Shehe Mtalika akusesa pakhonde.

"Asalaamu aleikum, Shehe. Ndabwera ndi wodwala."

"Waaleikum salaam, Che Jafali. Khalani pansi mupume."

"Kupuma ndinasiya kalekale. M'galimotomu alowetsamo chiwanda. Ndikangoliza, chimayamba mluzu, fyiii! Kenako injini gudu, gudu, gudu, ngati nkhalamba yachifuwa, basi zii pakati pa msewu. Okwera atha kundithawa. Ndipo wochita izi ndikumudziwa: mlamu wanga Amadu. Iye anagula yake, akufuna msewu wonse ukhale wake. Muwerenge duwa, pemphero lija, chituluke. Madzulo ano ndikamutchula pamaso pa abale, mlongo wakeyo, mkazi wanga, atenge katundu azipita kwawo."

Shehe anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Za injini ine sindidziwa, bambo. Ngakhale njinga yanga amandikonzera ena. Makaniko anati chiyani?"

Che Jafali anakwinya mphuno n'kuyamba kuyankhula ngati makanikoyo, mawu a m'mphuno. "'Bwana, manifodi yang'aluka, chija cha mapaipi cholowetsa mpweya mu injini. Ikuyamwa mpweya pamng'alu. Mukagule ina ku Limbe.' Ine ndamatapo guluu, ndamatapo sopo, ndamangapo mphira. Mluzu uli pomwepo. Chitsulo wamba chingakane zonsezo?"

"Mukazimitsa galimoto, mluzuwo umapitirira?"

"Ayi, umaleka."

"Ndiye n'chiwanda chaulemu, chomvera kiyi."

Che Jafali sanaseke. Anakhala pansi, nagwira mutu.

"Shehe, ndatopa. Ndingofuna ndidziwe amene akundizunza."

Shehe anakhala nawo pamkeka pomwepo, nayankhula motsitsa.

"Duwa ndikuwerengerani, kuti Allah akupatseni mphamvu ndi mtima wodekha. Koma mng'alu munauona ndi maso anu, pomwe za Amadu simunaone kanthu. Yambani ndi chimene mwaonacho. Pitani ku Limbe, makaniko achotse chong'alukacho aike china. Mluzu ukatsala, bwerani, tidzakhale pano mpaka mawu andithere."

"Nanga Amadu?"

"Madzulo ano musatchule munthu. Manifodi mukaimanga molakwika, mawa mumasula n'kumanganso. Koma mukatchula mlamu wanu kuti ndi mfiti pamaso pa mlongo wake, palibe sipanala yobwezera mawuwo m'kamwa."