Tsiku Limene Mfuko Anatseka Khomo

Chaka chimenecho dzuwa linaotcha mpaka mbawala zonse zinathawira kumapiri. Fisi, mkulu wopanda manyazi uja, anayamba kufukula mauna ngati mwana wosaka mbewa. Tsiku lina anafukula kwa Mfuko, kanyama kaja kokhala pansi, ka mano panja ndi timaso ngati njere za mawere. Anapezamo ana. Anawatafuna mayi wawo akuona, mpaka kunatsala kamwana kamodzi.

"Aka ndasungira mawa," anatero Fisi akunyambita magazi.

Mfuko mtima unali kuwira, koma anagwada. "Malume, kameneka n'kongotsukira m'kamwa. Ife apansi timadziwa kumene kumagona nyama zonona. Kasiyeni, ndikulondolereni."

M'mamawa anamutengera kudzenje la Njiri. "Lowetsani mutu, malume, mugwire ntchafu."

Fisi sankadziwa kuti Njiri amalowa kwake chafutambuyo, mano ataloza kukhomo. Atangosuzumira, Njiri anatumphuka ngati mwala wa legeni. Khwaa! Tsaya la Fisi linang'ambika mpaka kukhutu.

Fisi anatembenukira Mfuko. "Lero ndikudya iwe ndi kamwana kako komwe!"

"Pepani malume, koma wolakwa ndine? Mwini nyumba amalowa ndi matako, inu mwalowa ndi mutu. Pansi pali mwambo wake."

Fisi, poti nzeru zake zimakhala m'mimba, anavomera kuyesanso. Anafika kudzenje la Nungu.

"Uyu ndi wofatsa, masana amangogona. Mulowe chafutambuyo, mumukhalire, aphwanyike."

Fisi analowetsa matako mwaulemu wonse. Nungu anangodzitukumula n'kubwerera m'mbuyo mwamphamvu. Minga inalowa, ina mpaka pafupa. Fisi anakuwa, anagubuduka, anadziluma yekha, koma minga yambiri inakana kuzuka. Ine sindimumvera chisoni ngakhale pang'ono.

Tsopano zokambirana zinatha. Akukha magazi kutsogolo ndi kumbuyo, Fisi anaponda Mfuko pamsana. "Kamwana kaja kali kuti?"

Mfuko analira misozi yeniyeni, chifukwa anakumbukira ana ake aja. "Ndakabisa m'dzenje lakale pansi pa chulu icho. Katengeni, malume, ine ndatopa."

Kamwanako kanali kutali, pansi pa mizu ya mkuyu. Dzenje la pachululo linali lopanda kanthu, lalikulu pakhomo koma lopanikiza m'kati. Fisi anakwawa, nakwawabe, minga ya kumatako ikukhula makoma. Atafika pothera anapeza dothi lokhalokha. Pofuna kubwerera, minga ija inakola m'makoma, ndipo akakankha inkangolowerera m'thupi.

"Mfuko! Mwana wa mlongo wanga! Ndikoke!"

"Malume, mukumva mphepo ikulowayi? Kwathu sitisiya khomo lili pululu. Mungadwale chimfine."

Ndipo n'zoona, mfuko akaona una wotseguka sapuma mpaka atautseka. Anakumba ndi mano, nakankha dothi, nalitsendera, nabweretsanso lina. Fisi anatukwana, kenako anapempha, kenako analonjeza kuti azidya udzu. Mawu ake anayamba kumveka ngati ochokera m'mphika wovindikira. Kenako zii.

Mfuko sanaseke. Anapita kukayamwitsa mwana wake.

Mvula itabwera, pachulu paja panamera zitsamba za mizu yonenepa kuposa pena paliponse. Kamwana kamene Fisi anasungira mawa kaja ndi kamene kanakulira mizu imeneyo, ndipo kananenepa mpaka kumavutika kutembenuka muuna.