Tenti ya Dokotala Mairena pa Chipata cha Nzimbe

Ofesi ya Bungwe la Madzi ndi Mthunzi inali pakhonde la mayi Fidelina Urbina, kumapeto kwa tauni yathu ya Chichigalpa, pamene msewu wafumbi umalowera m'minda ya nzimbe. Bungweli analiyambitsa amayi asanu ndi awiri, onse amasiye. Amuna awo anali odula nzimbe, ndipo onse anadzera njira imodzi: kutopa kosatha, mapazi kutupa, kenako impso n'kuima. Cholinga cha amayiwo chinali chakuti mwamuna adziwe matenda ake asanamugwetse, azimwa madzi ndi kupuma pamthunzi, ndipo amene zafika poipa apeze galimoto yomutengera ku makina osefa magazi ku León.

Ntchito itakula n'kufika maboma atatu, amayiwo anagwirizana zolemba mtsogoleri wophunzira. Anapeza Dokotala Leónidas Mairena wa ku Managua, munthu waulemu ndi wakhama, wodya nyemba ndi mpunga pamodzi ndi aliyense popanda kunyada. Chilema chake chinali chimodzi: chinthu akachiganiza akusamba, pofika patebulo chinali chitasanduka kale lamulo.

"Amayi, tikuyeza amuna khumi pa sabata ngati tikutola mtedza," anatero pa msonkhano wina. "Lolemba m'mawa mabasi amatsitsa amuna mazana anayi pa chipata cha kampani. Tikhoma tenti pomwepo. Akuluakulu a kampani ndalankhula nawo kale, avomera."

Mayi Fidelina anasiya kugwedeza mpando wawo. "Adokotala, pa chipata penipeni?"

"Pomwepo, mayi. Nsomba timaitsata kumene ili."

"Nanga eni akewo mwawa..."

"Nthawi yatithera, mayi. Bola aliyense wa ife abwere atavala malaya oyera a chipatala."

Lolemba tenti inaima bwinobwino, mbendera ya bungwe ikupepera pamwamba. Mabasi anafika, amuna n'kutsika ndi zikwanje zawo zokulunga m'nsanza. Ataona malaya oyera, ndi kapitawo ataimirira pambali akumwa khofi wa adokotala, aliyense anatsitsa chipewa kumaso n'kulambalala tentiyo ngati muli maliro a munthu amene anayambana naye. Pofika masana anali atayeza anthu awiri: mlonda wa pachipata, ndi mayi wogulitsa madzi oundana amene ankangofuna mthunzi.

"Anthu ndi amanyazi tsiku loyamba," anatero adokotala. Anabwereranso Lolemba lachiwiri, ndi lachitatu lomwe. Pamenepo mphekesera inali itazungulira midzi yonse kuti amayi amasiye agulidwa, ndipo akulembera kampani mayina a odwala. Ngakhale amuna khumi a pa sabata aja analeka kufika pakhonde.

Mmodzi mwa olekawo anali Nemesio, mng'ono wa malemu mwamuna wa mayi Fidelina, bambo wa ana anayi. Mayiwo anakumana naye pa msika, akuyenda monyang'ama ngati waponda minga.

"Alamu, miyendo imeneyo mwabwereka kwa ndani? Bwerani tikuyezeni."

"Iii, alamu, kuti dzina langa likafike kwa kapitawo lisanafike kwa mkazi wanga? Ndisiyeni. Ndi nsapato zothina izi."

"Nsapato zothina zimatupitsanso maso? Achimwene anu ankanamizira lamba."

Nemesio anaseka, koma sanabwere. Patapita masabata awiri anagwa m'munda dzuwa lili paliwombo, chikwanje chili m'manja. Anzake anamunyamula pa ngolo ya thirakitala mpaka kuchipatala.

Dokotala Mairena anathamangira komweko. Anamupeza Nemesio atatsitsimuka, botolo la madzi likudonthera m'mkono. Madokotala a pamenepo anati impso zavulala ndithu, koma sizinafike pofuna makina.

"Bambo Nemesio, munkadutsa tenti yanga Lolemba lililonse. Chinakuletsani n'chiyani kulowa?"

"Adokotala, inu munadulapo nzimbe?"

"Ayi."

"Nyengo yodula ikamayamba, kampani imatiyeza magazi. Amene yamupeza ndi vuto imamuuza kuti akapume kunyumba, ndipo kupumako sikutha. Ndiye inu mwadzakhoma tenti pa chipata chomwecho, kapitawo ali pambali panu akuona amene walowa ndi nkhope imene watuluka nayo. Munthu amasankha kudwala ana akudya kusiyana n'kuchira ana akumuyang'ana. Izitu akuzidziwa ngakhale agalu a m'tauni muno. Simunafunse bwanji?"

Adokotala anatuluka mutu uli pansi. Analunjika kwa mayi Fidelina. Anawapeza ndi anzawo akuphika mikate ya chimanga pa chiwaya. Anavula malaya oyera, nakhala pa kampando kakang'ono ka pafupi ndi moto.

"Amayi, ndabwera wopanda pepala. Ndiphunzitseni."

"Tithokoze Mulungu, khutu lija lafika kuchokera ku Managua!" anatero mayi Auxiliadora, wamkulu pa onse. "Tinkati mwina linatsala m'basi."

Anaseka onse, adokotala omwe. Kenako amayiwo analankhula, iwo akulemba pa thumba lapepala la ufa. Kuyeza kuzichitika Lamlungu Misa ikatha, m'nyumba za amayi a bungwe, mudzi ndi mudzi, kumene mwamuna angalowe ngati wabwera kudzacheza. Malaya oyera ayi. Zotsatira azimva mwini wake ndi mkazi wake basi. Ndipo ulemu umene akuluakulu a kampani amapatsa adokotala ugwire ntchito ina: akapemphe mithunzi ya nsalu m'minda, nthawi yopuma dzuwa likakula, ndi ntchito zopepuka kwa amene matenda awo apezeka msanga.

Zinatenga miyezi, chifukwa mbiri yoipa imalowa pa kavalo koma imatuluka pa ndodo. Amayiwo anayenda khomo ndi khomo, adokotala ali pambuyo kupepesa ndi pakamwa pawo. Kampani nayo inazengereza, koma inavomera itawerenga kuti odula opuma pamthunzi sajomba kawirikawiri. Pofika nyengo yotsatira, Lamlungu lililonse makonde ankadzaza amuna ovala malaya a kutchalitchi, akumwa chakumwa cha chimanga ndi koko podikira, akunyozana za mpira. Ambiri anapezeka ali bwino, ena anapezeka ndi matenda nthawi ikadalipo.

Nemesio sanagwirenso chikwanje. Lero amayendetsa ngolo ya madzi m'minda, ndipo palibe kapitawo waukali pa nkhani yomwa madzi kuposa iye. Dokotala Mairena akadali mtsogoleri wa bungwe, ndipo tsopano lafika maboma asanu. Akafika dera latsopano, sabata yoyamba satulutsa jakisoni. Amakhala pakhonde la munthu, n'kumafunsa mpaka eni nyumba atatopa. Anamwino achinyamata akadandaula kuti akuchedwa, amawauza yekha nkhani ya tenti, osabisa kanthu, akuseka mpaka misozi.

Uchi unalipo pamaso pa Dokotala Mairena kuyambira tsiku loyamba, m'kamwa mwa amayi asanu ndi awiri amene anaika amuna awo m'manda. Iye analuma kumene kunawala. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.