Khutu la a Kamtedza pa Chitunda cha ku Tsangano

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Wina unabadwira kudambo, wina pabwalo la milandu. Koma ulipo umodzi umene anthu a ku Balaka amaumirira kuti unabadwira m'galimoto, ndipo ukawatsutsa kuti ndi wakale kuposa magalimoto, amangokukokera mpando kuti ukhale pansi umve.

Kuseri kwa njanji, kumene mphepo ya chilimwe imanunkha fumbi ndi dizilo, kunkakhala makaniko wina, a Lufeyo Kamtedza. Pansi pa mtengo wa bwemba pakhomo pawo panali kagalimoto kofiira ka ku Japan, kamene kanagona zaka khumi ndi ziwiri nkhuku zikuikiramo mazira. Injini yake sinali ngati zinzake. Inalibe mapisitoni okwera ndi kutsika ngati misi mumtondo. M'kati mwake munkazungulira chitsulo cha nsonga zitatu, ndipo ikalira unkangoti njuchi zikusamuka. Pansonga iliyonse panali kachitsulo kopyapyala kotchinga mphamvu kuti isathawe. Tizitsulo timeneti tikapsa, injini yatha. A Kamtedza anatsala ndi tomaliza, m'chitini cha girisi, ndipo ankadziwa kuti tina sadzatipezanso.

Akazi awo, a Nachanza, maso anali atachita ng'ala. Tsiku lina masana, akusenda mtedza pakhonde, anangoti: "Bambo a Tiyese, mapiri a kwathu ku Tsangano sindidzawaonanso. Koma mundikweze m'kagalimoto kaja, ndikawamve ndi makutu ngati tsiku lija munadzanditenga. Mvula isanagwe."

A Kamtedza anadzuka, napita kukathamangitsa nkhuku.

Inawatengera miyezi iwiri. Injini italira, panatsala ntchito imodzi: kutchuna kabuleta, kumene petulo amasakanikirana ndi mpweya. Zaka makumi atatu iwo ankatchuna ndi khutu basi, ndipo ankadzitama nalo. Koma tizitsulo tomaliza tija tinawapatsa mantha, choncho anatuma mnzawo wa malonda a ku Joni kuti awabweretsere sensa, kamphuno kachitsulo kamene amakazika mu ekizozi kuti kazinunkhiza utsi, n'kumanena ngati injini ikukhuta petulo kapena ili ndi njala.

Mnzawoyo anabweretsa ziwiri kuti asankhe. Yoyamba inali ndi waya mmodzi ndi kanyali kobiriwira kokongola ngati chiphaniphani. Yachiwiri inali ndi mawaya asanu, kabokosi kakuda, ndi galasi longoonetsa manambala. A Kamtedza mtima unagwa pa kanyali.

Ananyamula zonse ziwiri kupita tsidya la mpanda, kwa a Nagama, mayi wowotcherera zitsulo amene theka la maekizozi a m'Balaka linadutsa m'manja mwake. Anthu awiriwa anakhala moyandikana kuyambira kale, ndipo sankatha tsiku osanyozana.

"Aneba, ndiboolereni paipi, mundizikire iyi," anatero a Kamtedza, akuwapatsa ya kanyali ija.

A Nagama anakankhira magalasi akuda pachipumi, naitembenuza. "Iyi? Iyi imadziwa mawu awiri okha, 'wakhuta' ndi 'sunakhute'. Ndipo kukhuta kumene imadziwa n'kwa galimoto yopita kutchalitchi. Yanuyi ndi nyama ina. Ikamakwera phiri imafuna petulo wochita kusefukira."

"Nanga khutu langali n'lantchito yanji?"

"Khutu lanu linakulira pa malole a thonje, achimwene. Injini izi zimaimba mokoma zedi zikatsala pang'ono kufa. Tengani ya manambalayi. Imaona mtunda wonse, kuchokera kokhuta mpaka kwa njala, ndipo imapirira moto. Utsi wa kanyama kanuka umawotcha kuposa ng'anjo ya njerwa."

"Ikuoneka ngati wailesi yamaliro."

"Inunso simuoneka bwino, koma a Nachanza anakusungani."

Anakangana mpaka mthunzi wa bwemba unasuntha. Pomaliza a Kamtedza anati azike zonse ziwiri, zikatsutsane zokha panjira. A Nagama anaboola paipi kutali ndi injini, mtunda wa mkono wathunthu, kuti moto usazipsereze, naziimika mopendekera m'mwamba kuti madzi a mu ekizozi asamadikhemo. Kenako analemba ndi choko pa dashibodi: 12, 13.

"Pokwera phiri, nambala izikhala apa. Ikadutsa, ndiye kuti injini ili ndi njala, chotsani phazi pa chopondera petulo. Ndipo ine ndikwera nawo. Sindikusiyirani mnzanga Nachanza."

Ananyamuka m'mawa wa Loweruka, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana kumadzulo. M'chigwa zonse zinali bwino. Kanyali kanali biriwiri, manambala ankangosewera pang'ono. Atadutsa Ntcheu nakhotera msewu wa kumapiri, mphepo inasintha. Inayamba kununkha nthaka yozizira ndi utsi wa m'minda ya mbatata. A Nachanza anatulutsa dzanja pawindo, zala zitatambasuka, ngati akusisita mwana wosaoneka.

Anafika pa chitunda china chachitali chimene chimakwera ngati sichidzatha. A Kamtedza anaponda. Injini inakweza mawu, niimba nyimbo yopyapyala, yosalala, imene anali asanaimvepo chibadwire. Chifunga chinatsika paphiri n'kuwakuta. M'chifungamo zaka zinasungunuka. A Kamtedza anadziona ali mnyamata wa jekete yobwereka akuyendetsa, pambali pake mtsikana wa duku loyera, dengu la mapichesi pamiyendo, akuseka chifukwa cha mantha. Mtsikanayo anali kung'ung'udza nyimbo yomweyi imene a Nachanza anali kung'ung'udza tsopano. Kanyali kanawala biriwiri, kakuvomereza zonse.

Kumpando wa kumbuyo, a Nagama maso anali pagalasi lakuda. 14. Kenako 15.

"Aneba, phazi!"

A Kamtedza anali kutali, m'chaka china.

"A Lufeyo! Nambala!"

Anangomwetulira, naponderezabe.

Apo a Nagama anatambasula dzanja, zala zija zozolowera pulayala, nagwira khutu la a Kamtedza, nalipotokola.

"Mayo ine!" Phazi linadumpha lokha. Nyimbo inaduka, mtsikana wa duku loyera anazimirira, ndipo kagalimoto kanakwawira m'mbali mwa msewu n'kuima.

A Kamtedza anatuluka mwaukali atagwira khutu. "Mayi inu, mwapenga? Munthu wamkulu ngati ine, pamaso pa akazi anga? Simunamve mmene imaimbira? Nyali ija simunaione?"

"Masulani pulagi," anatero a Nagama, osakweza mawu.

Anadikira kuti injini izizireko, namasula pulagiyo, kachitsulo koyatsa petulo m'kati mwa injini. Pulagi ya injini yokhuta imakhala yofiirira ngati chigumu. Iyi inali mbuu, ngati phulusa la pamoto wa dzulo, m'mphepete mutayamba kale matuza. A Kamtedza anaiyang'ana nthawi yaitali. Anakweza maso kuona chitunda chimene chinatsala, naganiza za tizitsulo tomaliza tija. Anakhala pansi pa udzu.

A Nagama anamasula mfundo ya pachitenje. Munali majeti awiri amkuwa, timabowo timene petulo amadutsiramo mu kabuleta, okulirapo kuposa amene anali m'galimoto. "Ndinawatenga poopa khutu lanu lotchukalo," anatero.

Anasintha pomwepo, chifunga chikuwanyowetsa m'mapewa. Atayambanso kukwera, injini sinaimbenso mokoma ngati poyamba. Mawu ake anali okhuthala, osasa pang'ono. Kanyali kokongola kanafiira, kakudandaula kuti petulo wachuluka. Koma galasi lakuda linaima pa 12 ndi theka osagwedezeka, ndipo a Kamtedza anavula chipewa n'kuphimba kanyaliko.

Anafika pamwamba madontho oyamba akugwa pa boneti. A Nachanza anatsika, naima nkhope italoza kumene kunkachokera mphepo. Anatchula mapiri onse mayina, limodzilimodzi, osaphonya. Kenako anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza khutu la amuna awo, lotentha ndi lotupa.

"Likupweteka?"

"Kwambiri."

"Lizipweteka. Nyali yanu inakusekererani, injini inakuimbirani, inenso ndinali kukuimbirani. Tonsefe tikanakuperekezani mpaka kuphompho. Wakutsina khutu ndiye mnansi."

A Nagama anangoti, "Linalo ndalisungira pobwerera."

Mawu a a Nachanza anatsika phiri, nayenda ndi sitima ndi mabasi, mpaka lero aliyense amati: wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo lake, ana inu, ndi ili. Okuuza zokoma sasowa, ndipo mawu awo amakoma kwambiri pamene watsala pang'ono kugwa. Koma munthu wololera kuti umukwiyire, n'kukuuza chowawa nthawi ikadalipo, ameneyo ndiye wako. Usamuyese mdani chifukwa cha ululu wa khutu. Khutu limapola pofika mawa. Chimene wakupulumutsira, mwina sukanachipezanso.