Kanyali Katazima

Amene anafufuta mawu omaliza a malemu wojambula zithunzi ndi mng'ono wake weniweni, wa bere limodzi. Sanali ataledzera. Anachita ndi chala chake, dzuwa likuswa mtengo, mkazi wa malemuyo ataima pambali pake ndi tsache m'manja.

Malemuyo anasiya situdiyo ya chipinda chimodzi: nsalu yabuluu kukhoma, kamera, kompyuta, ndi kabokosi kakuda kolumikiza ndi chingwe, momwe ankasungiramo zithunzi za zaka khumi ndi zisanu. Kabokosiko kanali ndi kanyali kobiriwira. Mkazi wake sukulu analekeza ku pulayimale, koma pa zaka zonse zosesa m'chipindamo anamva mwamuna wake akunena kuti kanyali kakazima, kabokosi usakapatse kanthu.

M'khadi ya kamera munali kanema wamfupi. Bamboyo, ataona kuti matenda sakumusiya, anadzijambula yekha akulangiza mwana wake wamkazi amene anali pafupi kulowa m'banja. Anati mwanayo adzaonere sabata ya ukwati. Mayi anali asanaonerepo, mtima unali usanalimbe.

Tsiku limenelo mlamu wa mayiyo, mng'ono wa malemu uja, amene anatenga situdiyoyo, anapeza ntchito yokajambula mpikisano wa makwaya, koma khadi inali yodzaza. Foni yakenso inali itatha moto. Anagwada pansi pa tebulo, kuzula pulagi imodzi, n'kulowetsapo chaja. Kanyali kanazima. Mayi anaona, namuuza mwaulemu.

Iye analoza pa sikirini. Dzina la kabokosi linali pompo, mafoda onse ali ndandanda ngati kale. Anakoka kanema uja n'kumuponya m'foda. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto, kompyuta osadandaula.

"Mwaona, alamu? Inu gwirani tsache. Za makinazi tisiyireni ife amene tinaona bolodi kusukulu."

Mayi anamukumbutsa nambala imene malemu anamata kukhoma, ya mmisiri wamkazi amene ankawakonzera kompyuta. Anati kufunsa sikudula mwendo. Mlamu anati iye sangafunse munthu wa kunja njira ya m'nyumba ya mkulu wake. Anafufuta khadi yonse, n'kukaidzazanso ndi makwaya, kompyuta ataisiya yoyaka.

M'mawa mwake mwana uja anabwera ndi mayi ake, nakhala pa benchi ya makasitomala. Mwanayo ankawatchula alamu a mayi akewo kuti bambo aang'ono, ndipo ankawakhulupirira. Mlamu anadina dzina la kanema. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenako inakana. Anayesa zithunzi zakale, zinakananso. Thukuta kamukamu, anasuzumira pansi pa tebulo, n'kubwezera pulagi mwakachetechete ngati palibe akumuona. Kanyali kanayaka, koma tsopano pa sikirini panali mayina awiri a kabokosi kamodzi. Lakale lija pofuna kulichotsa linkakana, ati likugwira ntchito.

Mayi anaimba yekha nambala ija. Mmisiri atafika, mlamu anayamba kudandaula kuti makina akalamba. Mmisiri anangofunsa ngati wina anakhudza chingwe, ndipo mayi ananena zonse mosatsira mchere.

Mmisiriyo anafotokoza modekha kuti kabokosi kanachoka osatsanzika, choncho kompyuta inkayesa kuti kakadalipo. Dzina lakale lija linali ngati chitseko choimirira pa nyumba imene eni ake anasamuka. Kompyuta inalandira kanemayo m'manja kuti ikapereke, ndipo itapeza kuti wolandira kulibe, inataya. Mmisiriyo anatseka mapulogalamu onse amene ankakakamira dzinalo, analichotsa, anapima kabokosi, n'kukalumikizanso bwinobwino. Zithunzi za zaka khumi ndi zisanu zinalimo zonse. Kanema munalibe.

Anatenga khadi ija, nasakasaka mpaka dzuwa litapendeka. Makwaya anali atapondaponda ponse. Anatolamo kachidutswa kokha: bambo ali m'malaya awo amizeremizere, akukonza kukhosi, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukakafika kumeneko..." Pomwepo panabwera anthu achilendo ovala zachikasu, kukamwa yasa.

Mwanayo anapempha kuti abwereze. Anaonera katatu, kenako anatuluka. Mlamu anati pepani, ndi mmene amachitira makina.

"Makina sanazule pulagi, alamu," anatero mayi. Anatsamiritsa tsache pa tebulo, n'kutsatira mwana wake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Anaona zisa zili ndandanda, nayesa kuti uchi ulimo. Koma mwambiwo sunena kuti phulalo amadyetsanso ena amene sanapite nawo kokafula.

Tsopano achibale akuti nkhaniyi ithe, munthu anapepesa. Chabwino, ithe. Koma ukwati uli Loweruka, ndipo mwana akufunsabe kuti akakafika kumeneko akatani. Inu amene mwawerenga, ndiyankheni: amumalizira ndani mawu a bambo ake?