Gologolo ndi Madzi a Masiku Odumphidwa

Gologolo, banja la a Nkhanga ndi anzawo ambiri ankalima madimba m'dambo la kuseri kwa phiri, ndipo chimene chinkawadanitsa chinali madzi. Damu linali limodzi, ngalande imodzi, koma ofuna kuthirira anali mbwee. M'mawa uliwonse m'chilimwe kunkamveka phokoso pangalandepo: uyu watseka kwa mnzake, uyo watsegula kwake, wina wakankhidwira m'matope. Njiri anathyokerapo dzino pa mikangano yomweyi.

Gologolo anali wachangu chopitirira muyeso. Nthawi zambiri miyendo yake inkafika kumene mutu wake unali usanafike. Koma nzeru anali nazo, tisamunamizire, ndipo iyeyo ndiye anauza anzake za ku Mtambo.

Kumwamba kwenikweni kunkakhala khamu la anamzeze odziwa kuwerengera. Malowo ankangowatchula kuti ku Mtambo, poti panalibe wapansi pano amene anapondako. Anamzezewo sankalima, ndipo tomato ndi mpiru sakanatha kuzisiyanitsa. Ntchito yawo inali kulandira mauthenga, kuwasanja, kuwerengera, n'kutumiza yankho pa nthawi imene auzidwa.

Wofuna thandizo lawo sankakuwira kumwamba ayi. Ankapita kwa Kakowa, amene ankaima pachulu atavala zoyera ngati kalaliki wa kuboma, ndipo iyeyo ndiye anali khomo lokhalo la ku Mtambo. Kakowa ankalandira mawu ochepa: kukhazikitsa ntchito, kuiimitsa, kuipitiriza, kapena kufunsa za iyo. Ukayamba ndi moni wautali ankangokuyang'ana ndi diso limodzi, koma ukanena zomveka ankati, "Zalandiridwa," n'kuuluka.

Tsono anzake atavomera, Gologolo anakaima pachulupo n'kuyala dongosolo lake.

"A Kakowa, tamverani. Kum'mawa kukangofiira, nyongolotsi za m'dimba lililonse zizinena mmene nthaka yaumira. Anamzeze azidikira mauthenga onse afike, kenako aziwerengera madzi oyenera dimba lililonse. Akamaliza azituma mawu kwa a Nkhanu a pachipata cha damu kuti atsegule mwakuti. Chachiwiri chisayambe choyamba chisanathe."

"Zizichitika liti?" anafunsa Kakowa.

"Tsiku lililonse, osaphonya."

"Zalandiridwa."

Zinayenda bwino moti mikangano inatha. Madzi ankafika okha, okwanira, eni madimba akadali m'tulo. Pasanapite nthawi njira ya kungalande inamera udzu, poti panalibenso woiyenda. Njiri anayamba kudzuka dzuwa lili pamutu, n'kumadzitamabe kuti iye ndi mlimi wotheratu.

Dimba la kumunsi kwenikweni, kumene ngalande inkathera, linali la a Nkhanga. Bambo Nkhanga anali bwenzi lapamtima la Gologolo, ndipo anali ndi mbewu ya tomato imene kunalibe wina anali nayo: ting'onoting'ono, tofiira psuu, totsekemera. Anaisankha yekha chaka ndi chaka kuchokera ku mitengo yobereka bwino. Chaka chimenecho anafesa yonse panazale, akuti mbande zikakula agawireko dambo lonse.

Mbewuyo isanamere, Bambo Nkhanga anakodwa mumsampha wa alenje ndipo sanabwerenso wamoyo.

Dambo lonse linasonkhana pasiwa. Akuluakulu anati sizingatheke madzi kumayenda m'madimba ngati tsiku lantchito pamene mnzawo wagona m'nyumba, ndiponso Nkhanu naye ayenera kudzakhuza maliro. Gologolo, maso ali psuu ndi kulira, anathamangira kuchulu.

"Imitsani kuwerengera ndi kutsegula chipata," iye anatero.

"Mpaka liti?"

"Mpaka ndidzanene ine."

"Zalandiridwa."

Nyongolotsi zokha panalibe anaziuza kanthu. Izo zinapitiriza kunena m'mawa uliwonse mmene nthaka yaumira. Mauthenga awo ankafika ku Mtambo n'kumaunjikana, uliwonse ndi tsiku lake, kudikira wowawerengera.

Maliro ataikidwa, Gologolo anaperekeza abale a malemu kwawo kutsidya kwa phiri. Kumeneko anamugwira mwendo, uyu akuti gonani, uyo akuti simungapite musanalawe kanthu, ndipo iye, mtima uli wosweka, sanakane. Nkhani ya madzi inamuchoka m'mutu. Kudambo nako aliyense ankayesa kuti zinthu zayambanso zokha monga mwa masiku onse, poti mbewu zawo zinali zazikulu, mizu itazama, ndipo sizinafote msanga. Mayi Nkhanga, pokhala namfedwa, anali akadali m'nyumba, osafika kudimba.

Tsiku limene Gologolo anabwerera, anadzera kungalande ndipo anapeza matope ake atang'aluka. Anathamangira kumunsi, kudimba la bwenzi lake, n'kukaima panazale paja. Mbewu inali itamera yonse, yothithikana bwino, koma mbande zinali zitazolika mitu, masamba atapindika.

Zinali zisanafe. Tsinde lililonse linali likadali lobiriwira, ndipo kheni imodzi ya madzi, yothiridwa pang'onopang'ono madzulo amenewo, ikanazidzutsa. Kheniyo inali pomwepo, itapachikidwa pamtengo pamene mwini wake anaisiya. Gologolo anaiyang'ana, koma manyazi anamugwira, poti akanaoneka akutunga madzi dambo lonse likanadziwa kuti iye anaiwala.

Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro la kuchulu.

"A Kakowa, pitirizani ntchito ija, msanga!"

"Kuyambira lero," anafunsa Kakowa, "kapena ndi masiku odumphidwa omwe?"

Apa Gologolo anaima kaye, ndipo tinene zoona, sanaganize ndi mtima woipa. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene mbandezo zinadikira madzi osafika, iye akudya kutsidya kwa phiri. Anaona ngati bwenzi lake likumuyang'ana. Mumtima anati, madzi a masiku onsewo anali a mbandezo, ine ndiye ndinazimana, ndiye ndizibwezere onse osatsalako dontho.

"Masiku onse," iye anayankha. "Lisatsale ndi limodzi lomwe."

"Pali chimene mukufuna kufunsa ndisanapite?" Kakowa ankafunsa zimenezi kwa aliyense, ndi mawu omwewomwewo.

"Nthawi yofunsa ili kuti, akulu? Mbande zikufa uko!"

"Zalandiridwa."

Ku Mtambo anamzeze anaigwira ntchito mwaukhondo monga mwa nthawi zonse. Anatenga uthenga wa tsiku loyamba, unati kwauma, ndipo anawerengera madzi n'kutuma mawu kwa Nkhanu. Anatenga wa tsiku lachiwiri, unati kwaumiratu, ndipo anawerengera ochulukirapo. Uthenga uliwonse unkanena zoona za tsiku lake, koma panalibe ndi umodzi womwe umene unkadziwa kuti madzi a mnzake angotuluka kumene.

Nkhanu anatsegula chipata. Asanatseke, mawu ena anafika, kenako enanso, otsatizana ngati nyerere. Anadabwa, n'kutukula maso ake aja, koma mawu a ku Mtambo anali asanalakwepo chiyambire. Anangokankha chipata chonse n'kuima pambali.

Gologolo anali atabwerera kunazale, ndipo madzi oyamba atafika anavina ndi chimwemwe. Anaona dothi likuda, likumwa, ndipo anati basi, zakonzeka, palibe adzadziwe. Koma madziwo sanaleke. Madimba akumtunda anakhuta n'kuyamba kusefukira, ndipo madzi onse amene anawakana anatsetserekera kumunsi, kumene kunalibenso kwina kopita.

Madzi atafika m'mawondo, Gologolo anathamangiranso kuchulu, mchira uli nyowee.

"Imitsani! Imitsani zonse!"

"Zalandiridwa," anatero Kakowa. "Zimene zinali zisanayambe zaima. Zimene zatumidwa kale kwa a Nkhanu zili m'njira, sindingazibweze."

Gologolo anathamangira yekha kudamu, akukuwa kuti chipata chitsekedwe, ndipo iye ndi Nkhanu analimbana ndi chipatacho mpaka chinatsekeka. Pobwerera kumunsi anapeza nazale kulibe. Panali thope lofiira, losalala, ngati sipanafesedwepo kanthu. Anafukula ndi zala zake mpaka zikhadabo kuwawa, koma zimene ankazula zinali timitsinde tothyoka, mizu ili m'mwamba.

Ukali unamutengeranso kwa Kakowa, poti wolakwa amafuna wina woti agawane naye mlandu.

"Inu munadziwa kuti zitere! Bwanji osandiuza?"

"Ine sindinadziwe," anayankha Kakowa, osakweza mawu. "Ine ndimanyamula zimene ndapatsidwa. Koma mukanafunsa kuti patuluka madzi ochuluka bwanji, anamzeze akanawerengera n'kukuuzani, chipata chili chotseka. Imeneyonso ndi ntchito imene timagwira."

"Ndiye bwanji simunanene kuti imeneyo iliko?"

"Ndinakufunsani ngati muli ndi funso."

Gologolo anakhala pansi pachulupo, thope likuuma m'manja mwake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanafune kuthamangira kulikonse. Anaona kuti anamzeze sanalakwe, Nkhanu sanalakwe, ngakhale nyongolotsi sizinaname. Aliyense anachita ndendende zimene iye analamula, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka koposa.

Kunatsala ulendo umodzi, ndipo umenewu anauyenda pang'onopang'ono. Anapeza Mayi Nkhanga atakhala pamphasa pakhonde, mutu utafundidwa nsalu yakuda. Ataona mlendo anasuntha kumupatsa malo.

"Mwabwerako, alamu? Mwawasiya bwanji kutsidyako?"

"Ali bwino, alamu. Koma ine ndabwera ndi nkhani yoipa, ndipo wolakwa ndine."

Anafotokoza zonse osabisa: za kuiwala kwake, za kheni imene anaisiya pamtengo, za masiku odumphidwa amene anawaitanitsa onse pakamodzi. Mayi Nkhanga anamvetsera osamudula. Sanakalipe, ndipo Gologolo akanakonda akanakalipa.

"Mbewu ina inatsalako m'nyumba muno?" iye anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Anafesa yonse," anatero mayiwo. "Ankati chaka chino aliyense alaweko."

Kenako Mayi Nkhanga anakonza nsalu yawo n'kuyang'ana cha kudambo.

"Ndimati mawa ndituluke, ndikaone zimene bambo anandisiyira. Tsiku lililonse ndili muno ndimaziganizira. Ndiye tandiuzani, alamu, poti inu nokha ndiye munaziona. Zinamera?"

Gologolo anaweramitsa mutu n'kuyankha.

"Zinamera zonse, alamu. Zinamera bwino kwambiri."

Mayi Nkhanga anagwedeza mutu, misozi ikutsika. "Ndinadziwa," anatero. "Dzanja lawo silinkataya mbewu."

Madimba ena anauma n'kuchira, ndipo dongosolo la madzi linayambanso kuyenda monga kale. Gologolo anapitiriza kuliyang'anira, koma sanaimitsenso ntchito osanena tsiku loipitiriza, ndipo sankachoka pachulu asanafunse chimene mawu ake akachite. Tomato uja wa a Nkhanga sanaonekenso m'dambomo. Ana obadwa pambuyo pake ankangomva kuti kunali tomato wotsekemera, ndipo akafunsa Gologolo kuti ankakoma bwanji, iye ankayang'ana kumbali.

Phunziro: Ntchito imene yakonzedwa kuti iziyenda yokha imachita zimene waiuza, osati zimene umafuna mumtima. Ukaiimitsa, kumbukira kuti kuidzutsa n'kwako. Ukamaidzutsa, yamba waona mmene zinthu zilili lero ndipo ufunse chimene lamulo lako likachite, chifukwa zimene zinayenera kuchitika pang'onopang'ono zikachitika tsiku limodzi zimawononga chomwe umafuna kupulumutsacho.